Ma castle 9 pa masiku 10? Fufutani asanu, ndipo musamafulumire kulowa pa geti

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukonzekera ulendo wa ku Britain. Akuti: "Chaka chatha ndinalowa mu castle ina ku Germany, ndinajambula zithunzi zambirimbiri koma kunena zoona patangotha mphindi 40 ndinali nditatopa, miyala yokhayokha basi. Ulendo uno ndili ndi masiku 10 ndipo ndalemba ma castle 9 oti ndikaone ku England, Wales ndi Scotland. Kodi anthu amene amati amasangalala ndi malo amenewa amaona chani chimene ine sindikuona?"

Mayi zikomo pofunsa mosabisa, ambiri amatopa chimodzimodzi koma amachita manyazi kunena poti tikiti analipira kale komanso zithunzi zapita kale pa Facebook. Ine ntchito yanga ndi ya nyumba zakale, ndatha zaka zambiri ndikukwera ndi kutsika masitepe a malinga amenewa, nde ndikuuzeni mosapsatira: tengani cholembera mufufute 5 pa mndandanda wanuwo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukafika pa castle yachitatu mutu umayamba kusakaniza, simukukumbukanso kuti chitsime chija munachiona ku Conwy kapena ku Stirling, mapazi akupweteka, ndipo theka la ulendo lathera mu sitima. Ma castle anayi akwana, iliyonse muipatse theka la tsiku olo kuposa.

Tsono chimene simukuonacho mumachidutsa musanagule n'komwe tikiti. Anthu amatsika basi n'kuthamangira pa geti, pamene omanga aja nzeru zawo zambiri anathera panja. Mukafika imani kaye patali, zungulirani ngati njira ilipo, mudzifunse kuti nanga anamangiranji pano osati pa phiri linalo. Yankho limakhala pomwepo m'maso mwanu. Ya ku Edinburgh, ku Scotland, yakhala pa thanthwe lotsalira la phiri lophulika lakalekale, mbali zitatu ndi phompho, njira yabwino yofikirapo ndi imodzi yokha ya kum'mawa, nde mukaona zimenezo mumvetsa chifukwa chake mageti ndi mizinga zaunjikana mbali imeneyo. Ya ku Dover yayang'ana pamene nyanja yapakati pa England ndi France yachepa kwambiri, makilomita osapitirira 35, kunja kukacha bwino gombe la France limaoneka. Ndipo a Roma anali ataona kale ubwino wa phiri limeneli, nsanja yawo younikira zombo ikadali chilili mkati mwa linga, pafupi ndi tchalitchi chakale.

Ku Wales ndiye nkhani yake imakoma kwambiri. Mfumu Edward I ya England itagonjetsa mafumu a ku Wales inayamba kumanga Conwy, Caernarfon ndi Harlech cha m'ma 1283, kenako Beaumaris mu 1295, woyang'anira ntchito anali James of St George wochokera ku Savoy, dera la m'mapiri a Alps. Mukatenga mapu muona kuti onsewa anamangidwa m'mphepete mwa madzi. Edward ankadziwa kuti misewu ya m'mapiri ndi ya eni dziko, atha kuitseka tsiku lililonse, koma chombo chobweretsa chakudya ndi asilikali sangachiletse. Ku Harlech mukapita mupeza masitepe otsika thanthwe mpaka pa kageti kapansi, lero kutsogolo kwa kagetiko kuli mtunda, nyanja inasunthira kutali m'zaka mazanamazana zapitazi, nde munthu wosadziwa amangoti masitepe opita kuthengo, chonsecho ndi amene ankasunga moyo wa linga lonselo likazingidwa.

Mwafika pa geti tsopano, apa chepetsani liwiro, lowani ngati mdani amene akufuna kuthyola. Yang'anani m'mbali mwa khomo, muona mizere iwiri yogobeka m'mwala kuchokera pamwamba mpaka pansi, mmenemo ndi mmene munkatsetsereka chitseko cholemera cha mitengo ndi zitsulo chogwa kuchokera kumwamba. Ikani dzanja mumve kukula kwake. Pendekani mutu muone kudenga, muli mabowo, pamwamba pake pankaima anthu n'kumaponya miyala kapena kuthira madzi owira ndi mchenga wotentha pa amene atsekeredwa pansipa, komanso ankathirapo madzi ozimitsira moto adani akayatsa chitseko. Nkhani ya mafuta owira imene otsogolera alendo ena amaikonda ija musaitengere kwambiri, mafuta anali odula, sankangowataya chisawawa. Kenako timazenera topyapyala tija, kunja kamaoneka ngati kamng'alu koma mukalowa mkati mupeza kuti khoma analisema motambasuka kuti woponya mivi azitha kutembenuza uta uku ndi uku iye osaoneka. Imani pamenepo, suzumirani, muone kuti kakuloza pati. Nthawi zina kakuloza pamene munaima inu pogula tikiti.

Ndipo poti tanena za nkhani zokometsera, mudzamva kuti masitepe ozungulira aja onse amakhotera kumanja n'cholinga choti woteteza ali pamwamba azigwiritsa bwino lupanga ndi dzanja lamanja. Imamveka bwino eti, koma masitepe okhotera kumanzere alipo ambiri ndithu, ena mu castle imodzimodziyo. Ine ndimawauza anthu kuti werengani nokha, ndi kamasewera kabwino makamaka ngati muli ndi ana.

Mkati mwa bwinja ndi mmene anthu ambiri amatopera, poti amangoona chipinda chachikulu chopanda denga, udzu pansi, makoma anayi. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi kaye mphindi zisanu muyang'ane khoma limodzi lokha kuyambira pansi. Cha pamwamba pa mutu wanu muona mzere wa mabowo akuluakulu a makona anayi, ofanana kutalikirana kwake. Mmenemo munkalowa mitanda yonyamula matabwa a chipinda chapamwamba. Pamwamba pa mzerewo muona malo osonkhapo moto ali lende pakati pa khoma, opanda poti munthu n'kuima, nthawi zina mwala wake ukadali wofiirira ndi moto wa zaka 700 zapitazo. Kwezaninso maso, mzere wina wa mabowo, malo ena a moto, ndiye kuti nyumbayi inali yosanja katatu. Tsopano yerekezani mazenera: pansi ndi ting'onoting'ono chifukwa munali mosungira katundu, pakati ndi aakulu okhala ndi mipando yamwala m'mbali mwake, mmenemo ndi mmene munkakhala bwana ndi banja lake, mkazi wake atakhala pa mpando umenewo kutsata kuwala. Mwangoyang'ana khoma limodzi koma mwadziwa kale amene ankagona pofunda ndi amene ankagona pozizira.

Palinso timabowo tina ting'onoting'ono kunja kwa nsanja, tosiyana ndi aja a mitanda. Timeneto ndi ta omanga, ankalowetsamo mitengo yoti aimepo pomanga, khoma likamakwera iwonso n'kumakwera nalo. Ku Conwy ndi ku Harlech timabowoti sitinayende mzere wowongoka, tikukwera mozungulira nsanja ngati njoka, kusonyeza kuti anapanga njira yotsetsereka yokokerapo miyala, kamangidwe kamene amisiri a ku Savoy aja anabwera nako. Pa miyala yosemedwa bwino sakani tizizindikiro tokanda, kamtanda, kamuvi, kanyenyezi, chimenecho ndi chizindikiro cha mmisiri amene anasema mwalawo, mukachipeza kamodzi mumayamba kuchionanso pena ndi pena ndipo mumakhala ngati mukumutsatira munthuyo pa ntchito yake. Ine mpaka lero zimenezi zimandigwira mtima kuposa zisoti zachifumu zoikidwa m'magalasi.

Zimbudzi musazidumphe. Kachipinda kakang'ono kobisika mkati mwa khoma, mpando wamwala, bowo lotulukira kunja mu ngalande kapena m'munsi mwa khoma. Pa khoma la tawuni ya Conwy pali zimbudzi 12 zondondozana zotulukira kunja, anamangira alembi ndi antchito a mfumu. Zimbudzi 12 pamalo amodzi zikukuuzani kuti pamenepa panali ofesi yodzaza anthu olemba makalata ndi kuwerengera ndalama, ndipo ndi mmene ma castle ambiri analili masiku ochuluka: nyumba ya bwana, bwalo la milandu, posonkhetsera msonkho, ndende. Nkhondo inkabwera mwa apo ndi apo, ena zaka 100 kudutsa osaona muvi wa mdani. Asilikali olondera ankakhala ochepa modabwitsa, Caernarfon yonse ija mu 1404 anaiteteza anthu 28 okha kwa ankhondo a Owain Glyndŵr, mtsogoleri wa ku Wales amene anaukira England, makoma ndi amene ankagwira ntchito yambiri.

Chinanso chimene chimanamiza maso ndi mtundu. Ife timaona miyala yotuwa n'kumaganiza kuti anthu akale ankakhala mu mdima wotuwa chomwecho, ayi, makoma ankapakidwa pulasitala ndi laimu, mkati n'kujambulamo mitundu yowala, nsalu zolemera zili lende m'makoma. White Tower ya ku Tower of London, imene mfumu William the Conqueror anayamba kumanga cha m'ma 1078, dzina limeneli inalitenga chifukwa mfumu Henry III analamula mu 1240 kuti aipake laimu. Ku Dover mu nsanja yaikulu imene mfumu Henry II anamanga m'ma 1180 anakonzamo zipinda ndi mipando ndi mabedi a mitundu yofiira, yobiriwira, yagolide mmene akatswiri akuganizira kuti munalili, alendo ena amadandaula kuti zikuoneka ngati zoseweretsa ana koma zimenezo ndi zimene zili pafupi ndi zoona kuposa miyala yamaliseche ija.

Tsono pali funso limene ndikufuna muzidzifunsa paliponse, loti kodi chimene ndikuonachi ndi chakale zoona kapena anachimanganso. Ndinagwapo ine ndemwe ndili wophunzira, ndinaima pa khoma lina pafupifupi theka la ola ndikujambula mu kope langa, kuyamikira mmene amisiri akale analumikizira miyala mwaukhondo, mpaka bambo wina wosesa pamalopo anandiyandikira n'kundiuza mwaulemu kuti khoma limenelo agogo ake anagwira nawo ntchito yolimanga. Manyazi ake sindidzaiwala, koma kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana kaye matope olumikizira miyala, ngati ndi simenti yolimba yotuwa ndiye kuti dzanja laposachedwa lapitapo, akale ankagwiritsa laimu wofewa woyererako, nthawi zina muli tizidutswa ta zigoba za m'nyanja kapena makala. Miyala ya makona akuthwa yofanana yonse ngati yochokera mu fakitale nayonso imakayikitsa.

Simunatchule castle ya ku Germany ija, koma ngati inali Neuschwanstein ndiye kutopa kwanu ndikukumvetsa mwina, imene ija sinaonepo nkhondo, mfumu Ludwig II wa ku Bavaria anayamba kuimanga mu 1869 ngati nyumba ya maloto ake, inali ndi madzi a m'mipope ndi telefoni, ndipo anamwalira mu 1886 isanathe. Ndi yokongola, koma zonse ndafotokoza pamwambazi simungaziwerenge pa makoma ake. Carcassonne ya ku France madenga osongoka aja ndi a katswiri wa zomangamanga Viollet-le-Duc amene anayamba kuikonzanso m'ma 1850, ndipo anthu anakangana naye kwambiri pa zofolera zimene anasankha. Nsanja yaikulu ya Osaka Castle ku Japan ndi ya konkire ya 1931, muli ndi lifiti, pamene Himeji ndi yamitengo yeniyeni ya 1609. Olo Windsor imene mwina ili pa mndandanda wanu, maonekedwe ake ambiri ndi a m'ma 1820 pamene mfumu George IV anaikonzanso, nsanja yozungulira ija anaikweza ndi mamita pafupifupi 9 kuti izioneka bwino patali. Sindikunena kuti zomangidwanso n'zachabe, Malbork ya ku Poland inaphwanyidwa koopsa mu 1945 ndipo kuimanganso njerwa ndi njerwa ndi mbiri payokha, kungoti muzidziwa chimene mukuyamikira. Kuyambira pa mgwirizano wa akatswiri wa ku Venice wa 1964 okonza amayenera kusiya ntchito yawo ikuoneka kuti ndi yatsopano, nde mukaona mwala wosiyanako mtundu kapena kamzere kolekanitsa, musati analakwitsa, anachita dala.

Kugumuka nakonso kuli ndi nkhani yake. Pa njira yochokera ku London kupita ku Dover pali Rochester, ngati muli ndi ola limodzi lapadera tsikani muone chinthu chimodzi chokha. Nsanja yake yaikulu ili ndi tinsanja tinayi m'makona, titatu ndi ta makona anayi, kamodzi ndi kozungulira. Mu 1215 mfumu John anazinga linga limeneli, anthu ake anakumba mphanga pansi pa kona imeneyo n'kuchirikiza ndi mitengo, kenako anaitanitsa nkhumba zonenepa 40, mafuta ake n'kuyatsira mitengo ija, kona yonse inagwa. Pomanganso anaipanga yozungulira poti khoma lozungulira limapirira bwino kukumbidwa ndi kugendedwa. Mabwinja ena anawagumula dala, Corfe ya kum'mwera kwa England anaiphulitsa ndi onga mu 1646 molamulidwa ndi nyumba ya malamulo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku England kuti a mbali ya mfumu asadzabisalemonso, mpaka lero zigawo za makoma zili chopendekeka m'mbali mwa phiri mmene zinagwera. Ndipo ambiri anangotha ndi anthu oyandikana nawo amene ankabwera ndi ngolo kudzatenga miyala yosema kale, mukayenda m'mudzi wapafupi muziyang'ana makoma a nyumba zakale, castle ina ili mmenemo.

Chikwangwani chimene chili pakhomo chimakuuzani amene analamula kuti amange, kawirikawiri sichinena amene linga linamangidwira kuti aziliopa. Caernarfon kwa mlendo ndi yokongola, kwa anthu ambiri a ku Wales ndi chikumbutso cha kugonjetsedwa, m'matawuni a mipanda amene Edward anamanga anaikamo anthu ochokera ku England, eni dziko n'kukhala kunja, ndipo mu 1294 anaukira motsogozedwa ndi Madog ap Llywelyn n'kuitentha isanathe kumangidwa. Ndimakumbukira zimenezi nthawi zonse chifukwa cha castle ya Elmina ku Ghana, imene Apwitikizi anamanga mu 1482, Adatchi n'kuilanda mu 1637. Pamwamba zipinda za bwanamkubwa zopita mphepo ya kunyanja, pansi ndende za mdima mmene ankaunjikamo anthu ogwidwa ukapolo kudikira zombo, ndi kakhomo kopapatiza kotulukira kunyanja kamene wodutsapo sankabwereranso. Pamalo ngati amenewo foni imabwerera m'thumba yokha. Ndipo olemba zikwangwani nawonso amanama nthawi zina, Great Zimbabwe kwa zaka zambiri atsamunda ankakana kuti anamanga ndi anthu akuda, chonsecho akatswiri ofukula zakale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anali atafukula kale n'kusonyeza poyera kuti ndi ntchito ya eni dera. Nde mukawerenga chikwangwani chilichonse, olo cha ku Tower of London, muzifunsa kuti walemba ndani. Ku Tower komweko kwerani mu Beauchamp Tower muone mayina ndi zizindikiro zimene akaidi anagoba pa khoma m'zaka za m'ma 1500, anthu ambiri amathamangira mzere wokaona zisoti zachifumu n'kudutsa pamenepa osadziwa.

Mukandifunsa anayi oti musiye pa pepala, ine ndingati Dover, Tower of London, Conwy, ndi Edinburgh kapena Stirling. Dover ikufuna tsiku lathunthu chifukwa pansi pake pali mphanga zimene anakumba nthawi ya nkhondo za Napoleon, ndipo mmenemo ndi mmene Bertram Ramsay, mkulu wa asilikali apamadzi a Britain, anayendetsera ntchito yopulumutsa asilikali oposa 338,000 ku Dunkirk, ku France, mu 1940, ndiye kuti pa phiri limodzi mukuyenda kuchokera kwa a Roma mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Conwy muyambe ndi kuyenda pamwamba pa khoma la tawuni, ndi lotalika kupitirira kilomita imodzi, kenako n'kulowa mu castle mutaiona kale mbali zonse. Pakati pa Edinburgh ndi Stirling ine mtima wanga uli ku Stirling poti anthu amachepako ndipo mukaima pamwamba mumaona chifukwa chake nkhondo za pakati pa Scotland ndi England za Stirling Bridge mu 1297 ndi Bannockburn mu 1314 zinachitikira pomwepo, koma ngati ndi ulendo wanu woyamba ku Scotland palibe angakudzudzuleni posankha Edinburgh.

Za matikiti dziwani kuti malowa ali m'manja mwa mabungwe osiyana, Dover ndi ya English Heritage, Conwy ndi ya Cadw, Edinburgh ndi Stirling ndi za Historic Environment Scotland, Tower ndi ya Historic Royal Palaces, nde musagule tikiti ya masiku angapo ya bungwe limodzi n'kumaganiza kuti ilowa paliponse, ndipo ndi ma castle anayi a mabungwe anayi bola kungolipira payokhapayokha. Tower ndi Edinburgh gulirani pa intaneti pasadakhale, mufike geti likamatsegulidwa. Nsapato zikhale zogwira pansi chifukwa masitepe aja anadyeka pakati ndipo kukagwa mvula amaterera, chikwama chachikulu chakumbuyo chimakola m'masitepe ozungulira, ndipo pamwamba pa nsanja mphepo imakhalapo olo pansi kukutentha. Ngati pali wotsogolera alendo mutsateni, ku Tower alonda ovala yunifomu yachikale aja amayendetsa anthu popanda kulipira china chapadera, koma akamaliza bwererani nokha pa khoma limene linakukokani mukakhale pansi. Kamwala olo kakang'ono bwanji musatole, ndipo musakande dzina lanu, a ku Beauchamp Tower aja anali ndi chifukwa.

Mukasankha Edinburgh musaiwale katchalitchi ka St Margaret pamwamba penipeni, ka m'zaka za m'ma 1100, ndi nyumba yakale kuposa zonse mu mzindawo ndipo mumalowa anthu ochepa nthawi imodzi, nde dikirani gulu lituluke. Komanso muziyang'ana wotchi, 1 koloko masana amawomba mzinga, mwambo umene unayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo pa doko azikonza mawotchi awo, Lamlungu lokha sawomba pamodzi ndi Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Anthu amadziwa kuti uwomba koma amadzidzimukabe, nde ngati mwatulutsa foni kunja kwa khoma kuti mujambule mzinda nthawi imeneyo, igwireni ndi manja awiri.